Kulowa m'nyumba ya mwini popanda odi: mafunso ndi mayankho pa khalidwe losuzumira anzathu pa foni

M'mawa uliwonse, kunja kusanayere bwino, makombi amanyamuka pa Makoni, pa Chikwanha ndi pa Huruyadzo atadzaza anthu okagwira ntchito ku Harare, ulendo wa makilomita pafupifupi 25. Kale m'kombi munkakhala phokoso, wina akukamba za mpira, wina za kukwera mtengo kwa zinthu, wina akulimbana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji. Masiku ano mitu yambiri imakhala yowerama, chala chikungokankha galasi la foni. Ambiri mwa anthuwa sakulembera munthu uthenga. Akuona zimene ena aika: ukwati wa mnzawo wa kusukulu, galimoto ya mlamu wawo, nsapato zatsopano za mwana wa alandilodi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikabuka pamaliro, kutchalitchi kapena pamzere wa madzi muno mu Chitungwiza, ku Zimbabwe.

Kodi kusuzumira kumene tikunenaku ndi kuti?

Ndi kutsatira moyo wa munthu pa Facebook, WhatsApp, TikTok kapena Instagram mwakachetechete, osamupatsa moni, osafuna kuti adziwe kuti mwafika. Kumayambira pa kuona status ya mnansi tsiku ndi tsiku, n'kufika pofukula zithunzi zake za zaka zisanu zapitazo, kuwerenga mayina a onse amene ayamikira chithunzi chake, kutsegula akaunti ya dzina labodza, mpaka kutenga foni ya mwini iye ali kubafa.

Chichewa chili ndi mawu amodzi amene amandithandiza kuganiza za nkhaniyi: kuzonda. Timati tikukazonda wodwala, kutanthauza kukamuona titanyamula phala kapena nthochi. Koma anthu 12 aja amene Mose anawatuma kukaona dziko la Kanani mobisa timawatchanso azondi. Onse awiri amapita kukaona mmene zinthu zilili. Wozonda matenda amaima pakhomo n'kunena odi, ndipo zimene waonazo zimamupatsa udindo. Mzondi winayo amaona n'kubwerera mwakachetechete, zimene waonazo n'kukazigwiritsa ntchito kwina.

Kodi khalidweli labwera ndi mafoni?

Ayi. Agogo athu ankadziwa za eni ake foni kulibe. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, analemba buku mu 1996 lofotokoza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a macheza a anthu amakhala onena za anthu anzawo, ndipo iye amaona kuti kukamba za ena ndi njira imene anthu amagwirizanirana ndi kudziwira woyenera kumukhulupirira. Pamudzi, kudziwa kuti uje amabweza ngongole, uje ali ndi dzanja lalitali, uje amamenya mkazi, kunali kudziteteza.

Chitungwiza ndi tauni yoti za mnzako umazimva ngakhale usakufuna. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kuti ikhale kogona anthu ogwira ntchito mu Salisbury, amene lero ndi Harare. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000 muno. Nyumba zambiri zinamangidwira banja limodzi, koma lero mumakhala mabanja atatu kapena anayi, alandilodi chipinda chawo, ochita lendi zipinda zawo, bafa limodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Fungo la ndiwo limaulula amene walandira malipiro. Ndipo popeza m'mipopi madzi amatha masiku ambiri osatuluka, anthu amakhala maola ali pamzere wa pamjigo, pomwe makuhwa, monga anzathu Achishona amatchulira miseche, amayenda msanga kuposa zigubu.

Chimene chasintha ndi mtengo wake. Kale wosuzumira pazenera la mwini ankatha kugwidwa, n'kuchita manyazi, mwinanso kukaonekera kwa akuluakulu. Komanso amene ankadziwa kuti pakhomo paja sipanafuke utsi masiku awiri ankayembekezeka kupititsako kambale ka ufa. Kudziwa kunkabwera ndi ngongole. Foni yachotsa zonse ziwiri: wosuzumira saoneka, ndipo palibe amene angamufunse kuti, poti unaona, unachitapo chiyani? Ife timati odi, Achishona amati gogogoi kapena tisvikewo, ndipo mwininyumba amakhala ndi mpata wokonza nkhope yake asanayankhe. Pa foni munthu amalowa mpaka kuchipinda popanda mawu amenewa.

Nanga munthu amakhala akufunafuna chiyani pa tsamba la mnzake?

Kunena zoona, nthawi zambiri amakhala akudzifufuza yekha. Mu 1954 katswiri wa za maganizo wa ku America, Leon Festinger, anafotokoza kuti munthu akasowa muyeso weniweni wodziwira pamene ali, amadziyeza ndi anthu ena, makamaka ofanana naye. Sitipsa mtima ndi chuma cha munthu amene sitinamuonepo. Chimatibaya ndi chuma cha amene tinkakhala naye desiki imodzi kusukulu ya ku Zengeza, amene tinkamuposa masamu.

M'dziko lino miyeso yakale inasweka. Makolo athu ankadziwa njira: ukaphunzira upeza ntchito kufakitale kapena m'boma, ulembetsa nyumba ku khonsolo, ukakalamba ulandira penshoni. Kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunapukuta ndalama zimene anthu anasunga moyo wawo wonse. Mafakitale ambiri anatseka kapena kuchepetsa antchito. Lero mnyamata wa digiri akugulitsa mayunitsi pa Makoni, pamene mnzake amene anasiyira sukulu panjira akumanga nyumba ya zipinda zisanu ndi zitatu. Pamene palibe njira yodziwika, munthu amayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati ndi iye yekha amene watsalira.

Ndiye pali nkhani ya omwe anachoka. Kalembera yemweyo wa 2022 anawerenga anthu oposa 900,000 a m'dziko lino amene ali kunja, ochuluka zedi ali ku South Africa. Kuyambira mu 2022, dziko la Britain litatsegula mwayi wa ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, enanso ambiri analowera kumeneko. Ndi mabanja ochepa mu Chitungwiza amene alibe munthu ku Johannesburg, ku Gaborone kapena ku Luton. Tsono wotsala kuno amaona status ya mlongo wake ali m'jasi pa chipale chofewa, n'kuyamba kuwerengera: ngati akudya m'malesitilanti chonchi, bwanji mwezi uno sanatumize ya sukulu fizi? Naye wa kunja uja amasuzumira kuno. Anatumiza ndalama pa Mukuru zogulira simenti, koma akuona mng'ono wake waika chithunzi atavala suti yatsopano paphwando. Onse awiri akuchita kafukufuku wa ndalama pogwiritsa ntchito zithunzi, ndipo onse awiri akulakwitsa masamu, chifukwa chithunzi sichionetsa maola 12 amene mlongo uja wakhala chiimire, ndiponso sichinena kuti suti ija ndi yobwereka.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu timaudziwa tonse, koma usiku, magetsi atazima, munthu ali yekha ndi foni, mtima suukumbukira. Amayerekeza moyo wake wonse, ndi ngongole zake zomwe, ndi mphindi imodzi imene mnzake anaisankha mosamala pa zithunzi makumi awiri. Kafukufuku amene Philippe Verduyn, Ethan Kross ndi anzawo anafalitsa mu 2015 anasonyeza kuti kungoona za ena pa Facebook osalankhula nawo kumatsitsa chimwemwe cha munthu, ndipo njira yake ndi kaduka. Ine ndimakhulupirira zimenezi chifukwa ndinaziona mwa ine ndemwe. Chaka chimene ndinakhala wopanda ntchito, ndinkadziwa zonse za anzanga atatu a kusukulu, chimene adya, kumene apita, koma miyezi isanu ndi itatu inatha ndisanaimbire ngakhale mmodzi. Ndinkaopa funso lakuti, nanga iwe ukutani masiku ano?

Palinso chifukwa china chosakoma kuchitchula. Nthawi zina timasuzumira podikira kuti munthu agwe. Mayi akasiya kuika zithunzi za mwamuna wake, kapena akachotsa dzina la kubanja pa Facebook, pamakhala anthu amene amazindikira tsiku lomwelo, ndipo si onse amene amamva chisoni.

Kwa ife zidzukulu za matchona, kodi kufufuza abale pa intaneti n'kulakwa?

Apa ndiyankha ndi mtima wonse kuti ayi. Agogo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Tete ndi ku Chipata, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa apo. Kuno anawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Kalata inkatenga milungu, ndipo ikasiya kubwera, ubale unkaduka. Ambiri anamwalira osaonanso kwawo. Ana awo anakula akuvina gule wamkulu ku St Mary's, akumva Chichewa m'nyimbo za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, koma osadziwa nkhope ya msuweni wawo ndi mmodzi yemwe. Lamulo la unzika la 2001 litawasandutsa alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atakonza zimenezo, funso lakuti kwathu n'kuti linali lopweteka kwambiri.

Munthu wotere akalemba dzina la mfunda wake pa Facebook, Phiri kapena Banda kapena Mbewe, pamodzi ndi dzina la mudzi umene agogo ankautchula, n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu osawadziwa kufunafuna mphuno ya bambo ake, sindingamutche kazitape. Akufuna kwawo. Chimene ndaona n'chakuti kufufuza kotereku kumathera pa moni. Tsiku lina amalimba mtima n'kulemba kuti, pepani, kodi inu ndi a kwa auje? Ena amathera pa kukwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete mpaka ku Mwanza.

Kodi eni masamba amenewa alibe gawo lawo?

Ali nalo lalikulu, ndipo si mwangozi. Pamene Facebook inayambitsa News Feed mu September 2006, kuti zochita za anzako zizikupeza zokha, ogwiritsa ntchito ambirimbiri anakwiya, ponena kuti tsambalo lawasandutsa ozondana. Mark Zuckerberg anapepesa n'kuwonjezera njira zobisira zina, koma News Feed sanaichotse, ndipo lero palibe amene amaiona ngati yachilendo. WhatsApp, imene Facebook inaigula mu 2014, inabweretsa zizindikiro ziwiri zobiriwira ngati thambo chaka chomwecho, zosonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Mu February 2017 inabweretsa status ya zithunzi imene imafufutika pakatha maola 24. Chinthu chimene chizimiririke mawa chimakukoka kuti uchione lero. Ndipo ka mzere kaja konena nthawi imene munthu anali pa intaneti komaliza kasokoneza mabanja ambiri: unali pa WhatsApp 2 koloko usiku, unkalankhula ndi ndani?

Makampaniwa amapeza ndalama potsatsa malonda, ndiye phindu lawo lili pa nthawi imene maso anu akhala pagalasi. Anazindikira kuti palibe chimene chimagwira maso a munthu ngati munthu mnzake. Simudziwa chimene mupeze mukatsegula, mwina palibe kanthu, mwina pali nkhani yaikulu, ndipo kusadziwako ndi kumene kumakubwezani kawirikawiri, monga mmene amachitira wotchova njuga.

Kuno kwathu pali china chowonjezera. Makampani a mafoni monga Econet ndi NetOne akhala akugulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha, otsika mtengo kuposa intaneti yonse. Malipoti a bungwe loyang'anira za mafoni la POTRAZ anasonyezapo kuti WhatsApp yokha inkatenga pafupifupi theka la intaneti yonse ya pa mafoni m'dziko muno. Munthu wa ndalama zochepa akagula bandulo yotere, sangawerenge nyuzipepala pa intaneti kapena kufufuza za maphunziro. Chimene angathe kuona ndi anthu amene manambala awo ali m'foni mwake. Zenera lokhalo limene wapatsidwa likuyang'ana pabwalo la mnansi.

Koma mwamuna wanga kapena mkazi wanga si mlendo. Kodi ndilibe ufulu woona foni yake?

Funso ili ndi limene limatenthetsa mitu, ndipo yankho la lamulo linachokera muno mwathu. Mu 2016 khothi lalikulu ku Harare linaweruza mlandu wa mayi wina wa ku Chitungwiza amene anabaya mwamuna wake ndi mpeni mpaka kufa. Mkangano unayamba pamene mwamunayo analandira uthenga pa foni n'kukana kumuonetsa. Mayiyo anapezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera ndipo analamulidwa kukakhala kundende zaka 10. Popereka chigamulo, woweruza Tawanda Chitapi ananena kuti kufufuza foni ya mnzako popanda chilolezo kumaphwanya gawo 57 la malamulo aakulu a dziko, limene limateteza chinsinsi cha munthu pamodzi ndi mauthenga ake, ndipo ukwati sumuchotsera munthu ufulu umenewu.

Chigamulochi chinakambidwa kwambiri m'makombi ndi m'mawailesi. Amayi ambiri anakwiya nacho, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa. M'tauni imene mawu akuti small house, kutanthauza mkazi wachibisira, aliyense amawadziwa, m'dziko limene Edzi inalowa m'mabanja ambiri kudzera mwa munthu amene ankagona pambali pako, kuuza mayi kuti asaone foni kumamveka ngati kuteteza wachimasomaso. Mayi amene akukayika sachita misala. Nthawi zambiri amakhala ataona kale zizindikiro, ndipo akuopera moyo wake ndi chakudya cha ana ake.

Komabe funso langa ndi lakuti, kodi foniyo imapereka chimene munthu akufuna? Akapeza kanthu, ululu umabwera pa iye ali yekha, usiku, popanda wamkulu aliyense pafupi, ndipo ndi nthawi yotere imene mipeni imatuluka. Akapanda kupeza kanthu, mtima sukhala pansi, amangoti wafufuta. Mawa aonanso. Akatswiri a pa yunivesite ya Guelph ku Canada, motsogozedwa ndi Amy Muise, anapeza mu 2009 kuti zimenezi zimazungulira: munthu akamaona kwambiri tsamba la wokondedwa wake amapeza zinthu zosamveka bwino, nsanje imakula, ndipo nsanjeyo imamubwezanso kukaona. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo foni si bwato lokafikira kumeneko. Imangokupatsa zidutswa za mawu zopanda mutu, iwe n'kumalumikiza wekha ndi mantha ako.

Tisaiwalenso kuti amuna nawonso amafufuza mafoni, ndipo kwa iwo nthawi zambiri nkhani imakhala ulamuliro. Mwamuna amene amalanda foni ya mkazi wake madzulo aliwonse, kumuuza anthu oti awachotse, kumufunsa chifukwa chake wachedwa kuyankha, akumumanga mkaziyo ndi chingwe chosaoneka. Imeneyo ndi nkhanza, ngakhale asanamukwezere dzanja.

Makolo athu anaika ankhoswe, Achishona ali ndi tete ndi sahwira, pofuna kuti kukayikirana kukhale ndi kopita. Ndikudziwa kuti lero ankhoswe ena ali ku Cape Town, ndipo ena amangoti pirira. Koma nkhani yokambidwa masana, pamaso pa munthu wachitatu, ngakhale itathera pa kulekana kapena kukayezetsa magazi limodzi kuchipatala, imasiya anthu ali moyo.

Nanga bwanji munthu amavutika kusiya kuona tsamba la bwenzi lake lakale?

Chifukwa chibwenzi chimatha tsiku limodzi koma chizolowezi chimatsala. Tara Marshall wa pa yunivesite ya Brunel ku London anafunsa anthu oposa 400 mu 2012, ndipo anapeza kuti amene ankapitiriza kuzonda bwenzi lakale pa Facebook ankavutika mtima kwambiri ndipo ankachedwa kuchira. Kale munthu mukasiyana ankasamukira ku Unit L kapena ku Mufakose, n'kumangomva za iye mwa apo ndi apo. Lero amakhala m'thumba lanu. Kumubuloka si chidani, ndi kumanga bala kuti ntchentche zisamaterepo.

Si eni ake amene amaika zinthuzo poyera? Tsono wolakwa ndani?

Pali choonadi pamenepa. Ena amaika dala kuti awonedwe, ndipo pali ma status amene amalembedwera munthu mmodzi yekha ngakhale awonedwe ndi anthu mazana awiri: vesi la m'Baibulo lonena za adani, kapena mawu okuluwika onena za anthu a kaduka, apongozi kapena mkazi mnzake n'kudziwa kuti mwalawo ndi wawo. Anthu ngati malemu Genius Kadungure, amene ankadziwika kuti Ginimbi ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu November 2020, anamanga mbiri yawo pa kuonetsa chuma, ndipo achinyamata ambiri a kuno ankawatsatira ngati sewero.

Koma munthu wamba akaika chithunzi cha mwana wake, amakhala akuganiza za azakhali ndi anzake a kutchalitchi. Saganiza za munthu amene adzachijambula pa foni n'kuchitumiza ku gulu lina ndi mawu onyoza. Chovala choyanikidwa pachingwe chili poyera, koma zimenezo sizipatsa wodutsa ufulu wochitenga n'kukachionetsa kumsika. Screenshot ndi imene yasandutsa kusuzumira kukhala chida chovulaza. Nkhani ya m'gulu la amayi a mukando, chipereganyu chathu chija, imatuluka n'kufika m'gulu la anthu a mumsewu wonse, mawa lake ili pa Facebook, mwinanso m'nyuzipepala ya H-Metro. Akuluakulu anati suzumire adaphetsa mkhalakale.

Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linaika milandu pa zina mwa zimenezi. Kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu, ndipo kufalitsa zithunzi za munthu ali maliseche popanda chilolezo chake kungapititse munthu kundende mpaka zaka zisanu. Ku Malawi nako kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Wongotumiza chithunzi chimene walandira asaganize kuti ali kutali ndi mlandu.

Bwanji za kusuzumira akuluakulu a boma ndi anthu otchuka?

Izi ndi zina. Chisankho cha 2013 chisanachitike, tsamba la pa Facebook la munthu wobisika wodzitcha Baba Jukwa linkatulutsa nkhani zimene linkati ndi zinsinsi za m'chipani cha ZANU-PF, ndipo anthu mazanamazana a zikwi ankalitsatira. Zina zinali mphekesera chabe, koma anthu ankathamangirako chifukwa njira zina zodziwira zimene olamulira akuchita zinali zopapatiza. Kufuna kudziwa mmene nduna kapena khansala wagwiritsira ntchito ndalama za madzi ndi zimbudzi, m'tauni imene mliri wa kolera wa 2008 unayambira, ndi udindo wa nzika. Matenda a mwana wa ndunayo si nkhani yathu.

Ndipo diso limayang'ana mbali zonse ziwiri. Lamulo la Interception of Communications Act la 2007 limalola boma kumvetsera mauthenga a anthu likapeza chilolezo, ndipo mu January 2019, pa nthawi ya zionetsero zokana kukwera mtengo kwa mafuta, intaneti inatsekedwa dziko lonse, ndipo pambuyo pake khothi lalikulu linagamula kuti kutsekako kunali kosatsata lamulo. Anthu amene amadziwa kuwawa kwa kuzondedwa ndi amphamvu ayenera kukhala oyamba kumvetsa mmene mnansi amamvera akamazondedwa ndi iwo.

Kodi ndingadziwe amene akundisuzumira, ndipo ndingadziteteze bwanji?

Pa status ya WhatsApp mumaona mayina a amene aona, pokhapokha ngati munthuyo anazimitsa chizindikiro chosonyeza kuti wawerenga. Akatero, nayenso saona amene aona zake. Facebook sionetsa amene atsegula tsamba lanu, ndipo mapulogalamu onse olonjeza kukuonetsani zimenezo ndi achinyengo, ambiri amangofuna kuba pasiwedi yanu. Chimodzimodzi ma WhatsApp osavomerezeka monga GB WhatsApp, amene ambiri amawakonda chifukwa amaonetsa mauthenga ofufutidwa: mukawaika, mwapereka mauthenga anu onse m'manja mwa anthu osadziwika, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa.

Mu WhatsApp muli malo osankhira amene angaone status yanu, chithunzi chanu ndi nthawi imene munali pa intaneti. Onaninso pamene palembedwa kuti Linked devices. Ngati pali kompyuta kapena foni imene simukuidziwa, ndiye kuti wina anagwira foni yanu kwa mphindi imodzi n'kuilumikiza, ndipo akuwerenga zonse ali kwina. Ichotseni pomwepo. Musaike chithunzi cha mwana atavala yunifolomu yoonetsa dzina la sukulu, kapena tikiti ya basi yosonyeza kuti panyumba palibe munthu sabata yonse, pakuti si onse osuzumira amene amangofuna nkhani. Ena amafuna katundu.

Nanga ine ndingadziwe bwanji kuti kuona kwanga kwapyola malire?

Ine ndimadzifunsa ngati ndingathe kumuuza mwiniwake kuti ndinaona. Ngati ndingakumane naye pa Chikwanha n'kunena momasuka kuti, ndinaona mwana wamaliza sukulu, zikomo kwambiri mwagwira ntchito, ndiye kuti ndinazonda ngati mbale. Ngati ndingachite manyazi iye atadziwa kuti ndinafika mpaka pa zithunzi za 2017, kapena kuti ndimamuona ndi akaunti ya dzina lina, ndiye kuti ndinalowera pazenera.

Msuweni wanga wina ali ku Johannesburg ankaika status pafupifupi tsiku lililonse, ali kuntchito, ali kutchalitchi, ali ndi anzake. Mwezi wina anangoti zii. Tonse m'banjamo tinazindikira. Tinakambirana m'magulu ang'onoang'ono, wina akuti mwina foni yabedwa, wina akuti mwina wakwatira mobisa, wina akuti wayamba kunyada. Milungu itatu inatha tikungotsegula dzina lake kuona ngati waikapo kanthu. Azakhali athu a ku St Mary's, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo status saidziwa n'komwe, anamva tikunong'onezana pamaliro ena. Anatuma mdzukulu kukagula mayunitsi a dola imodzi n'kumuimbira pomwepo. Anayankha ndi mawu ofooka. Ntchito inali itatha, anali atadwala chifuwa milungu iwiri ali yekha m'chipinda, ndipo ankachita manyazi kuuza aliyense. Azakhali anamufunsa ngati wadya, iye anati ayi. Madzulo omwewo anayenda khomo ndi khomo kwa ife tonse amene tinkaona status zake, atanyamula kambale kosonkhamo ndalama ya basi yomubweretsa kunyumba.